"Do you mind?": munthu wovomera ayankhe kuti eya kapena ayi?

Namaseko25
Abale ndithandizeni, kuno tatsutsana mpaka nsima kuzizira. Mwana wanga wa Fomu 2 wabwera ndi homuweki ya Chingerezi. Funso likuti "Do you mind if I open the window?" ndipo akufunika asankhe yankho la munthu amene wavomera kuti zenera litsegulidwe. Iye wasankha "No, not at all." Bambo ake akuti mwanayu wasokonezeka, munthu sangavomere chinthu ndi "no". Mwana akuti aphunzitsi anawaphunzitsa choncho. Ine chimene ndimadziwa n'chakuti mind ndi maganizo, ndiye sindikuona pamene maganizo akulowera pa nkhani ya zenera. Mawu amenewa kwenikweni amatanthauza chiyani?

KabazaWaMchesi
Mwana wakhoza. Bambo abwerere ku Sitandade 5 kkkkk

Namaseko25
Achimwene samalani pakamwa, eni ake akuwerenga nawo pafoni yanga pano.

ChokoNdiBolodi
Mayi, mwana wanu wakhoza, ndipo bambo asachite manyazi chifukwa funso limeneli limagwetsa anthu ambiri, a madigiri omwe. Vuto ndi loti kusukulu tinaloweza mind ngati dzina, maganizo kapena nzeru, n'kuthera pomwepo. Koma m'funso ili mind ndi mneni, ndipo akutanthauza kuvutika nacho chinthu, kuipidwa nacho. Wofunsayo sakunena kuti "kodi nditsegule zenera?" ayi. Akunena kuti "kodi zikuvutani ndikatsegula zenera?" Mukalimva choncho, yankho limangobwera lokha: ayi, sizindivuta, tsegulani. Mukayankha "yes" ndiye kuti mwanena kuti eya zindivuta, lisiyeni lotseka.

Pali kanthu kenanso kamene ana amatayira malikisi. Mneni wobwera pambuyo pa mind amatha ndi -ing. Timati "Would you mind closing the door?" osati "Would you mind to close the door?" Chachiwirichi ndimachimva ngakhale kwa anthu ovala tayi, koma wochonga mayeso amadula basi.

Mlezi_Leeds
Aphunzitsi, za m'buku mwanena zoona, koma ine ndimakhala ndi eni chiyankhulochi tsiku ndi tsiku. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds, ndipo lamulo lanulo iwo salitsata kwenikweni. Ukafunsa agogo achizungu kuti "Do you mind if I open the curtains?" ambiri amayankha kuti "Yes, go on, love" kapena "Sure", kutanthauza kuti tsegula. Ena amati "No, you're all right", tanthauzo lake lomwelo. Ndiye "yes" ndi "no" onse akutsegulitsa katani. Chimene ndimamvetsera ine ndi mawu otsatira komanso nkhope ya munthuyo. Wokana samangoti "yes" n'kukhala chete. Amatsindika kuti "Actually, I do mind", kapena amazungulira mwaulemu kuti "I'd rather you didn't." Ukangomva "actually" kumayambiriro, dziwa kuti katani isakhudzidwe.

ChokoNdiBolodi
Sindikutsutsa, mayi. Pocheza anthu amayankha pempho limene labisala m'funsomo, osati funso lenilenilo. Koma mwana wa a Namaseko sakayankha agogo a ku Leeds, akayankha pepala la MANEB, ndipo papepala palibe nkhope yoti wochonga ayang'ane.

Mlezi_Leeds
Ndiye muziwauza ana zonse ziwiri. Tsiku lina adzatuluka m'kalasimo.

PhiriWaKuZomba
Ine ndikuona kuti gwero la chisokonezochi lili m'Chichewa mwathu momwemu. Munthu akakufunsa kuti "Simunadye?" iwe usanadyedi, umayankha kuti "Eya", ndiye kuti ukuvomereza zimene wanenazo. Mzungu akafunsa "Haven't you eaten?" iwe usanadye, ukuyenera kunena "No". Eya ndi ayi wa iwowo amatsata chochitikacho, pomwe wathu amatsata mawu a wofunsa. Taganizani munthu ali m'khoti, loya akumufunsa kuti "You didn't take the money?" iye n'kuyankha "Yes" potanthauza kuti eya sindinatenge. Wolemba akalemba "yes" yekhayo, munthu wavomera mlandu asakudziwa. N'chifukwa chake otanthauzira odziwa ntchito amamuuza munthu kuti ayankhe chiganizo chonse.

ChokoNdiBolodi
Bambo Phiri, zimenezo n'zoona koma ndi vuto lina. Mu "Do you mind" mulibe "not" aliyense. Chikusocheretsa apa ndi tanthauzo la mind, osati kukana kwa m'funso. Koma mankhwala ake ndi amodzi: osasiya "yes" kapena "no" ali yekha. "No, go ahead." "No, I haven't eaten." Mukatero palibe angakumveni molakwa.

PhiriWaKuZomba
Vuto lina koma wogwa ndi yemweyo.

DadaWaKuJoni
Inu mukudandaula ndi mind? Bwerani kuno ku Johannesburg mudzamve "just now". Bwana akati "I'll pay you just now" usayime pakhomo kudikira, ukhoza kuona dzuwa likulowa. "Just now" wa kuno ndi nthawi ina iliyonse kutsogoloku. Akafuna kunena posachedwa amati "now now", ndipo ngakhale ameneyo sikuti ndi pompano. Pompano weniweni ndi "right now".

KabazaWaMchesi
Ndiye kuti "ndikubwera" wathu uja anafika ku Joni kkkk. Munthu akuchoka koma akuti ndikubwera.

DadaWaKuJoni
Ndendende. Ndipo "ndili pafupi" wa anthu a kabaza tisamuyambe n'komwe.

KabazaWaMchesi
Mind your own business, achimwene.

NjanjiYaPansi
Mwaona, a Kabaza agwiritsa kale ntchito tanthauzo lina osadziwa. Pamenepo mind ndi kusamala, kuyang'anira: samalani zanu, za ena zisiyeni.

Ine mind amene ndimamumva kwambiri ndi wa pa sitima za pansi pa nthaka kuno ku London. Sitima ikaima, mawu amamveka pa chimkuzamawu kuti "Mind the gap". Palibe za maganizo kapena kuipidwa pamenepo. Akuti chenjerani ndi mpata umene uli pakati pa sitima ndi pokwererapo. Njanji zimenezi n'zakale kwambiri, yoyamba inatsegulidwa mu 1863, ndipo masiteshoni ena monga Bank ndi Embankment anamangidwa pokhota. Bogi ndi yowongoka, pokwerera n'pokhota, ndiye pakhomo pamatsala mpata woti mwendo wonse ukhoza kulowa. Mu 1968 anayamba kugwiritsa ntchito mawu ojambulidwa chifukwa sizikanatheka kuti oyendetsa ndi ogwira ntchito pasiteshoni azikuwa sitima iliyonse ikafika, ndipo anasankha mawu aafupi oti alembedwenso pansi m'mphepete mwa pokwerera.

Pa Embankment pali nkhani imene anthu amakonda kufotokoza. Mawu akale a pamenepo anali a bambo wina amene anamwalira, ndipo mkazi wake ankabwera pasiteshonipo kudzangomva mawu a mwamuna wake. Atasintha makina mawu aja anachotsedwa. Mayiyo atafunsa, oyang'anira njanji anamupatsa mawuwo ojambulidwa ndipo mu 2013 anawabwezeretsa pasiteshoni imeneyo.

Mind yemweyu mumupezanso pazitseko zazifupi za nyumba zakale: "Mind your head", samalani mutu mungagunde. Pamasitepe, "Mind the step".

Namaseko25
Nkhani ya mayiyo yandikhudza. Koma ndiye kuti tafika matanthauzo atatu: maganizo, kuipidwa, kuchenjera. Alipo enanso?

Mlezi_Leeds
Alipo, mayi. Ntchito yanga yoyamba kuno inali yothandiza mayi wina amene anali "childminder", munthu amene amasunga ana a anthu ena kunyumba kwake makolo akapita kuntchito. Ku England ntchito imeneyi siyongoyamba, munthu amalembetsa kaye ku Ofsted, bungwe loyendera sukulu, kapena kudzera ku mabungwe ovomerezeka. Apa mind ndi kulera, kusunga. Mnzako pasiteshoni akhoza kukuuza kuti "Can you mind my bag?" ndiye kuti undiyang'anireko chikwama ndikubwera. Wa sitolo akamatuluka amasiya wina kuti "mind the shop". Ngakhale munthu wolondera bwana wamkulu kapena woimba wotchuka amamutcha "minder".

GogoWaBawo
Ndakhala ndikungowerenga. Ine ndimati Chingerezi ndi chiyankhulo chosauka. Anthu okhala ndi mawu okwanira sangatenge liwu limodzi n'kulisenzetsa katundu yense ameneyu. Ife tili ndi kusamala, kulera, kuchenjera, kuipidwa, kuganiza, lililonse ndi ntchito yake. Iwo mind, mind, mind. Kenako amatiseka ife kuti sitikumva.

ChokoNdiBolodi
Agogo, mwamaliza ndi liwu limene likukutsutsani. Tatengani "kumva". Ndamva phokoso, ndi khutu. Ndikumva kuzizira, ndi thupi. Ndikumva fungo, ndi mphuno. Sindikumva mchere m'ndiwomu, ndi lilime. Wamva masamu aja, ndi mutu. Mwana uyu samva, ndi khalidwe. Matendawa sakumva mankhwala. Mzungu wophunzira Chichewa akakumana ndi zimenezi nayenso amagwira mutu, chifukwa kwawo aliyense mwa amenewa ali ndi liwu lakelake. Nanga "kudya"? Wadya nsima, wadya ndalama za mpingo, ndipo inu eni bawo mumadya nkhomo za mnzanu. Palibe amasokonezeka chifukwa mawu oyandikana nawo amatiuza kudya kwake ndi kuti.

GogoWaBawo
Za bawo zisiyeni, mungadyedwe.

MwanaWaMabuku
Ndiwonjezereko pa zimene aphunzitsi anena. Mind si amene ali ndi matanthauzo ochuluka m'Chingerezi, ali kutali. Mu dikishonale yaikulu ya Oxford imene inatuluka mu 1989, mneni "set" anali ndi matanthauzo 430. Atakonzanso gawo la "run" cha mu 2011, anapeza matanthauzo 645 a mneni yekhayo. Munthu amathamanga, mphuno imachucha, bizinesi imayendetsedwa, injini imalira, wandale amaima nawo pachisankho, zonsezo "run".

Koma za mind, chimene chimandithandiza ine ndi kudziwa kumene anachokera. M'Chingerezi chakale, cha zaka zoposa 1000 zapitazo, liwuli linali "gemynd" ndipo tanthauzo lake lalikulu linali chikumbumtima cha zinthu zakale, kukumbukira. Likadalipo mu "remind", kukumbutsa, ndi mu "keep in mind", osaiwala. Ku Scotland ndi kumpoto kwa England mpaka lero munthu amatha kunena "I mind when we were young", kutanthauza ndikukumbuka tili ana. Mukayambira pa kukumbukira, enawo amalumikizana. Chinthu chimene ukuchikumbukira umachiikira mtima. Ukachiikira mtima umachisamala, ndiye mwana uja ndi chikwama chija. Ukachiikira mtima chifukwa n'choopsa umachenjera nacho, ndiye mpata wa sitima uja. Ukachiikira mtima mpaka kukusowetsa mtendere, ndiye zenera la a Namaseko. Liwuli ndi pachibale ndi "mens" wa Chilatini, kumene kunachokera "mental". Bungwe lalikulu lothandiza anthu odwala matenda a maganizo ku England ndi Wales dzina lake ndi Mind, ndipo linayamba mu 1946.

PhiriWaKuZomba
Kakonzedwe kabwino, koma "chikumbumtima" mwalakwitsa. Chikumbumtima ndi chija chimakutsutsa ukalakwa. Munene kuti kukumbukira basi.

MwanaWaMabuku
Kukumbukira ndalembanso pomwepo, bambo. Tiyeni nazo.

NaBanda_Glasgow
Za ku Scotland n'zoona. Mnzanga wa kuntchito amandiuza kuti "Mind and bring your lunch", kutanthauza usaiwale kutenga chakudya. M'buku la kusukulu simungazipeze.

Koma ine ndikufuna ndichenjeze anthu pa "I don't mind" ndi "I don't care", chifukwa ambiri kwathu timawayesa amodzi. Mlendo wanga wina wochokera kumudzi tinapita naye kwa apongozi anga achizungu. Anamufunsa kuti tiyi kapena khofi, iye mwaulemu wake wonse, manja ali pamaondo, anati "I don't care." M'chipindamo munangoti zii. Iye amatanthauza kuti chilichonse chili bwino, musavutike. Koma kwa anthu a kuno "I don't care" amamveka ngati ndilibe nazo ntchito, zanu zimenezo. Woyenera pamenepo anali "I don't mind", amene ali wofatsa: chimene mungandipatse ndilandira.

Ndiye palinso "I wouldn't mind a cup of tea." Ameneyu ndi wochenjera. Akumveka ngati munthu alibe nazo chidwi, koma kwenikweni akupempha, ndipo akuifuna tiyiyo kwambiri. Anthu a kuno sakonda kunena mwachindunji kuti ndikufuna.

Namaseko25
Ndiye amafanana ndi ife. Mlendo akamati "ayi musavutike, ndadya kale" ife timadziwa kuti poto akhale pamoto.

DadaWaKuJoni
Amalume anga ankati "ndadya kale" akusamba m'manja.

Chisale_wa_Kanengo
Funso langa ndi "never mind". Kuntchito bwana wathu ukamufunsa kuti abwereze zimene wanena, amangoti "never mind" n'kuchoka. Ine ndimamva ngati wandinyoza. Koma mnzanga akuti ndi mawu otonthoza. Zoona ndi ziti?

Mlezi_Leeds
Zonse ziwiri, zimatengera malo ndi kamvekedwe. Ukagwetsa kapu n'kusweka, mwini nyumba akati "Never mind" mofatsa, akuti usadandaule, palibe kanthu. Koma ukapempha munthu kuti abwereze mawu iye n'kuti "never mind" akutembenuka, akuti zisiye, ndatopa kufotokoza. Mmene mukumvera inu simukulakwa kwenikweni, ngakhale nthawi zina munthu amangotanthauza kuti nkhaniyo inali yosafunika. Wachipongwe weniweni ndi "Never you mind". Ka "you" ako kakalowa pakati, ndiye kuti sizikukukhudza, usafunse.

Ndipo chonde abale, "never mind" si wa pamaliro. Ndinamvapo munthu akuuza namfedwa choncho poganiza kuti akunena kuti pepani, limbani mtima. Amamveka ngati ukunena kuti imfayo ndi nkhani yaing'ono. Ameneyu ndi wa kapu yosweka ndi basi yokusiya.

Chisale_wa_Kanengo
Ndiye kuti bwana uja ndi wamwano basi. Ndimadziwa ine.

KabazaWaMchesi
Mupatseni "a piece of your mind" muone ngati mwezi uno mulandire.

Chisale_wa_Kanengo
Ameneyo ndiye mtendere wa mumtima uja?

ChokoNdiBolodi
Ayi bambo, musayerekeze! Pali awiri omveka mofanana. "Peace of mind" ndiye mtendere wa mumtima, uja amalonjeza a inshuwalansi. "A piece of my mind" ndi kumulalatira munthu, kumuuza zonse zimene zakhala zikukuwawa mosabisa. A Kabaza akufuna akuchotsetseni ntchito.

Koma taonani zimene mwachita osazindikira: mind mwamumasulira kuti mtima. Pamenepa m'pamene ine ndimaona kusiyana kwenikweni. Zambiri zimene Mngelezi amaziika mu mind ife timaziika mumtima. Iye akati "I said it in my mind" ife timati ndinalankhula chamumtima. "Put your mind at rest", mtima ukhale m'malo. "I'm in two minds", ndili ndi mitima iwiri. "My mind is not here", mtima wanga uli kwina. Koma si paliponse. "I've changed my mind" ndi ndasintha maganizo, chifukwa kusintha mtima kwathu kumapita ku nkhani za kutembenuka. "He's out of his mind" ndi mutu wake sukuyenda bwino, wazungulira mutu. "Make up your mind" ndi ganiza chimodzi. Ndiye dzina lokhalo limagawika patatu: mtima, maganizo, mutu. N'chifukwa chake ndimaletsa ana anga kulemba m'kope kuti mind = maganizo. Ndimawauza kuti alembe chiganizo chonse ndi pamene anachimva. Liwuli lili ngati chitenje: chomwecho uberekera mwana, chomwecho ufunda, chomwecho umangira ufa, ndipo umadziwa ntchito yake poona chimene chakulungidwamo.

GogoWaBawo
Mitima iwiri ija kwathu imanenedwanso za munthu wokayikakayika, ndiye pamenepo ndavomera. Koma ndikadali pa mawu anga, anthuwa amazungulira kwambiri. Kungofuna kutsegula zenera mpaka kufunsa ngati ndiipidwe?

NaBanda_Glasgow
Agogo, inu mukafika pakhomo pa munthu mumati "odi" n'kudikira, chikhalirecho chitseko chili chotsegula ndipo mwini wake akukuonani. Pochoka mumati "ndapita" ngati iye sakuona kuti mukupita. Ulemu uli ndi njira zake kulikonse. Ndipo dziwani kuti "Do you mind?" akanenedwa yekha, mokweza, si ulemunso. Munthu akakupondani m'basi kapena akalowerera pamzere, mumamuyang'ana n'kunena "Do you mind?" kutanthauza kuti iwe, ukutani kodi.

PhiriWaKuZomba
Nanga "mind you" amene amakonda andale ndi owerenga nkhani uja? Ndimamumva pakati pa chiganizo, osaona chimene ndikuyenera kusamala.

MwanaWaMabuku
Ameneyo ndi "komatu" wathu. Umanena chinthu, kenako umawonjezera mfundo ina yochepetsako kapena yosintha zimene wanenazo. "The house is expensive. Mind you, it has a borehole." Nyumbayo ndi yodula, komatu ili ndi mjigo wake. Anthu ena kwathu amamugwiritsa ntchito ngati chiopsezo, "mind you, I am your boss", ngati akuti uzikumbukira. Sikulakwa kwenikweni, chifukwa kukumbukira kuja n'kumene liwuli linayambira, koma eni ake nthawi zambiri amamunena mopepuka, ngati munthu wangokumbukira kanthu kena ali pakati polankhula.

DadaWaKuJoni
Anzathu a ku Nigeria amene ndimagwira nawo ntchito amakonda "Don't mind him". Munthu akamalankhula zopanda mutu, wina amangoti "don't mind him", musiyeni ameneyo, musamutengere.

KabazaWaMchesi
Ameneyo ndimusunga. Agogo akayambanso zoti Chingerezi n'chosauka, tonse tizingoti don't mind him.

GogoWaBawo
Mwana iwe, bwera ndi njinga yakoyo Loweruka pansi pa mtengo wa mango, ubwere ndi nkhomo zako. Tikaone amene amuuze mnzake never mind.

Chisale_wa_Kanengo
Aphunzitsi, musanachoke. Mawa ndikufuna kupempha tchuthi cha masiku awiri. Ndilembe kuti "Do you mind" kapena "Would you mind"?

ChokoNdiBolodi
Kwa bwana lembani "Would you mind if I took two days off?" Ndi waulemu kuposa winayo, ndipo onani kuti ndi "took", osati "take". Akayankha "Not at all" musakhumudwe, mwapatsidwa. Akayankha "I'm afraid I would", valani yunifolomu mupite kuntchito.